Chulu cha pa Khoma la Damu

Pamene imakwana 5 koloko m'mawa, a Esitere Zikhalo anali atalambula kale theka la ngalande. Nkhungu inali isanachoke pamadzi, ndipo kuzizira kwa ku Kaphuka, komwe sikusamala kuti mwezi ndi wa Novembala, kunkawaluma m'zala. Ankazula bango ndi khasu n'kumaliponya kumtunda, pamodzi ndi majumbo, zitsononkho ndi nsapato imodzi yapulasitiki yomwe mwini wake anaiiwala kalekale. Ngalande imeneyi ili m'mbali mwa damu. Ndi momwe madzi amatulukira damu likadzaza. Ikatsekeka, madzi amafuna njira ina, ndipo njira inayo ndi pamwamba pa khoma.

Damulo si la boma, si la mudzinso. Analimangitsa ndi mathirakitala malemu mwini famu ya kumtunda kuti azithirira mbatatesi m'chilimwe, a Esitere akadali mtsikana wa sitandade 5. Khoma lake ndi la dothi lokhalokha, lalitali kuposa denga la tchalitchi, ndipo munthu woyenda pamwamba pake atha kunena Tikuoneni Mariya kasanu asanafike tsidya linalo. Mwiniyo atamwalira, famu inatsala m'manja mwa mwana wake, a Godfrey, omwe amakhala ku Lilongwe ndipo kuno amabwera kukagwa maliro a pachibale. Mapampu anagulitsidwa, mashedi anagwa, minda ina inamera tsekera. Damu lokha ndilo linatsala pomwe linali, chifukwa damu sulikweza pa lole.

Kunsi kwa khoma kuli madimba, ndipo kunsi kwa madimbawo kuli nyumba zisanu ndi ziwiri. Yachiwiri kuchokera kukhoma ndi ya Pilira, mwana wa a Esitere, yemwe amagonamo ndi ana ake atatu.

Amuna a a Esitere, a Gerevazio, ndiwo anali mlonda wa damulo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Atamwalira, a Esitere anapeza kiyi m'thumba la jekete pochapa zovala za malemuwo. Inali kiyi ya loko wa pampopi waukulu wotulutsira madzi, womwe uli m'kanyumba ka njerwa patsinde pa khoma. Anaimanga kunsonga ya chitenje, akuganiza kuti wina wa kufamu abwera kudzaitenga. Sabata inatha, mwezi unatha. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho itagwa, anadzuka m'mawa mtima uli pangalande, popeza ankadziwa kuti kuyambira pomwe amuna awo anadwala palibe anali ataikamo khasu. Anapita tsiku limenelo, ndipo mawa lake anapitanso. Palibe anawalemba ntchito, palibenso anawaletsa. Tsopano zinali zaka zisanu ndi zinayi.

Ntchitoyo siioneka. Munthu wodutsa amaona madzi ali phee ndi abakha a m'madzi, basi. Saona kuti udzu wa pakhoma wina amautchetcha kuti ming'alu izionekera, kuti timitengo tomera pamenepo wina amatizula tisanazike mizu, kuti mayenje a mbewa wina amawatseka ndi dothi n'kupondaponda ndi chidendene. Saona mayi akukangana ndi eni ng'ombe kuti asamadutsitse ziweto pamwamba pa khoma, nawo n'kumamufunsa kuti damulo analigula liti. Zonsezi a Esitere ankazichita dzuwa lisanatuluke, kuti 7 koloko iwapeze ali kumunda kwawo ngati wina aliyense. Amayi anzawo a m'mphakati ankawaseka kuti anakwatiwanso ndi damu, mwamuna wosagula ngakhale sopo. Iwo ankangomwetulira. Sanali munthu wa mawu ambiri.

Atamaliza ngalande m'mawa umenewo, anatsikira kutsinde kwa khoma, komwe kuli kamalo konyowa chaka chonse, komera udzu wobiriwira ngakhale mu Okutobala. Anatulutsa botolo loyera m'thumba n'kulitchera pomwe madzi ankadontha mpaka linadzaza.

Za botolozi anawaphunzitsa ndi a Gerevazio. Ankati damu lililonse la dothi limatuluka thukuta, ndipo thukutalo lisakuopse likakhala loyera. Koma uzitunga m'botolo, uliike penapake osaligwedeza, upite ukagwire ntchito ina. Ukabwerako n'kupeza pansi pa botolo pali matope, ndiye kuti madziwo sakungodutsa, akunyamula khoma pang'onopang'ono kuchokera m'kati.

Anaika botolo pawindo, anapatsa nkhumba gaga, anasesa pabwalo, n'kupita kukakonza mizere kumunda. Atabwerako masana anapeza pansi pa botolo pali dothi lofiira, lochindikala ngati chikhadabo. Linali tsiku lachitatu akupeza zotere, ndipo dzana dothilo linali locheperapo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Dothi la kudimba ndi lakuda. Lofiira chotere ndi katondo yemwe mathirakitala aja anabwera naye kuchokera kuphiri.

Anabwerera kudamu osadya. Anaima pakamalo konyowa kaja n'kukweza maso molunjika, kutsata khoma kupita kumtunda. Chomwe anaona anali akuchidziwa kale, kungoti kwa masiku atatu sankafuna kuchiyang'ana. Chapakati pa khoma, pamwamba penipeni pa pomwe madzi ankadontha, panali chulu chofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu.

Chinali chulu cha a Yohana, msuweni wawo.

Kuno chulu chimakhala ndi mwini. Amene wayamba kuchiona chikadali chaching'ono, n'kuchilambulira, n'kuchiphimba ndi udzu chaka choyamba kuti agwire ngumbi, ndiye mwini wake, ngakhale chitamera m'munda mwa wina. Munthu sakumba chulu cha mnzake, monga momwe sangapisire dzanja m'nkhokwe ya mnzake. Ichi anachiona ndi a Susan, akazi a a Yohana, chikadali ngati mtondo wovundikira. A Esitere akulikumbukira tsikulo. A Gerevazio anali atanyamula kale khasu kuti akachigumule, pamene a Susan anafika pakhomo, n'kugwada, n'kunena kuti alamu, kachulu kakang'ono ngati kameneko kangalakwire chiyani chikhoma chonse chija. A Gerevazio anayang'ana akazi awo. Ndipo anali a Esitere omwe anati, "Kasiyeni, bambo. Kakakula mudzakachotsa."

Chaka chilichonse kuchokera pamenepo, mvula yoyamba ikagwa, mbale ya ngumbi zokazinga inkafika pakhomo pawo itavundikiridwa ndi mbale inzake. Ankadya onse, a Gerevazio n'kumanyambita zala. Chulu chinakula, ndipo chaka chochichotsa sichinafike. A Gerevazio anapita, a Susan nawo anatsatira zaka zitatu zapitazo, koma mbale ija sinasiye kubwera. Ankabwera nayo a Yohana okha, ngumbi zitapserera pang'ono, chifukwa kukazinga anaphunzira atakalamba.

Madzulo a tsiku limenelo anabwereka foni ya Pilira n'kuimbira a Godfrey. Inaitana kanayi asanayankhe.

"Ndani kodi?"

"Ndine mkazi wa a Gerevazio, bwana. A kudamu."

"Aa, mayi. Muli bwanji? Nanga akuluwo ali bwanji?"

A Esitere anasintha foni kuiika kukhutu linalo. "Anatisiya, bwana. Chino n'chaka chachisanu ndi chinayi. Munatumiza thumba la ufa."

Mufonimo munkamveka magalimoto a m'tauni.

"Pepani kwambiri, mayi. Mutu wangawu wachuluka zinthu. Ndiye damulo akuliyang'anira ndani?"

"Likuyang'aniridwa," anatero a Esitere. Kenaka anafotokoza za botolo, za dothi lofiira ndi za chulu, pang'onopang'ono, monga anali atakonzera m'mutu ali m'njira. A Godfrey sanali munthu wankhanza. Anamvetsera mpaka pamapeto, anafunsa kuti kunsi kuli nyumba zingati, n'kupuma mozama atamva. Anati panopa sangathe kuchoka kuntchito, koma mvula ikatha abwera ndi munthu wodziwa za madamu. Pakadali pano aitane alangizi, ndipo chilichonse chomwe alangiziwo anene, achite, iwo avomereza.

"Mvula ikatha," anatero Pilira atalandira foni yake. "Ikatha adzatipeza tili mumtsinje wa Linthipe, titakodwa m'bango."

Alangizi a za ulimi wothirira anabwera patatha masiku awiri, mayi wachitsikana wa njinga yamoto. Anakwera khoma, anagogoda chulu ndi ndodo, anayang'ana mabotolo atatu omwe a Esitere anali atawandandalika pamwala potsata masiku. Anafunsa kuti zimenezi anaziphunzira kuti, ndipo atamva anagwedeza mutu. Anati damulo poti ndi la munthu, ofesi singabweretse makina popanda kalata ya mwini wake, ndipo makalata amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mitambo. Koma zomwe manja angachite zilipo. Chiswe chaboola njira m'kati mwa khoma, ndipo madzi apeza njirazo. Atsitse madzi mpaka afike kunsi kwa chulu. Akatero achikumbe chonse mpaka apeze manthu wa chiswe, n'kubwezeramo dothi la makande pang'onopang'ono, akusinja ndi minsi. Zonsezi zichitike mvula yeniyeni isanayambe, chifukwa damu likadzaza, kukumba pakhoma ndiko kuligumula ndi manja ako.

Kutsitsa madzi kunatenga masiku asanu ndi anayi. Chigudumu cha pampopi chinali chitachita dzimbiri, ndipo a Esitere anachithira oilo wakutha yemwe anakapempha kuchigayo, n'kuchipotoza ndi mpini wa khasu mpaka mapewa anawawa. Ankatsegula pang'ono m'mawa n'kukatseka madzulo, monga ananenera alangizi, kuti madzi asakokolole anyezi ndi kabichi wa anthu m'madimba. Komabe anthu analankhula. Owedza anati akuthamangitsa nsomba. Wina anafunsa kuti mvula ikachedwa ngati chaka chatha, tomato adzathirira ndi malovu kodi. A Esitere ankayankha aliyense ndi mawu omwewo, kuti bwerani mudzaone botolo. Anabwera awiri okha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi matope a m'mphepete anaonekera kunsi kwa mzere wa chulu. Tsiku lomwelo mitambo inaunjikana cha ku phiri la Chongoni, yakuda kunsi, ndipo kunagunda kawiri ngakhale sikunagwe kanthu. Pilira anabwera kwa mayi ake mwana ali kumbuyo.

"Amayi, madzi atsika. Tikudikira chiyani?"

"Sindinalankhule nawo a Yohana."

"Masiku onsewa?"

"Ndimafuna madzi atsike kaye."

"Madzi atsika, ndanena. Amuna atatu avomera kale kukumba, ife amayi minsi tili nayo. Tingopita mawa m'mamawa. Akadzuka apeza tamaliza, akalipa, atopa, basi."

"Ndiye ukakumana nawo kutchalitchi Lamulungu udzawapatsa dzanja liti?"

"Lomweli. Bola lili louma." Pilira anakweza mwana yemwe ankatsetsereka kumbuyo n'kumangitsa nsalu. "Mukudziwa kuti kukangogunda ndimatulutsa ana n'kukawasiya kwa apongozi kumtunda? Ana atatu, chifukwa cha ngumbi. Tchimo lake lili pati pogumula chulu?"

A Esitere ankadziwa kuti mwana wawo sakunama. Ankadziwanso kuti akakumba mobisa, mudzi sudzakumbukira za khoma lomwe silinagumuke, chifukwa chinthu chomwe sichinachitike palibe amachikumbukira. Udzakumbukira kuti banja la a Esitere linakumba chulu cha munthu wamasiye iye ali m'tulo, patatsala masiku ochepa kuti ngumbi zituluke. Ndipo mawa lake akadzauza wina kuti asadutsitse ng'ombe pakhoma, ndani adzawamvera? Mphamvu yonse yomwe anali nayo padamupo inali yoti anthu ankawadziwa kuti sanatengepo kanthu ka munthu.

"Ndinawauza ndine bambo ako kuti achisiye," anatero potsiriza. "Ndipita ndekha."

Nyumba ya a Yohana ili kumtunda kwa damu, komwe madzi sangafike ngakhale khoma litagwa lonse. Anawapeza ali pakhonde, akumanga mitolo ya udzu ndi luzi. Pambali panali ndowa yakale yomwe ankaikwirira patsinde pa chulu kuti ngumbi zizigweramo, atayitsuka kale ndi mchenga mpaka kuwala.

"Odi kuno."

"Ee, afika akazi anga othawa banja," anatero a Yohana osadzuka, monga amachitira asuweni. "Mwatopa naye mwamuna wanu wa madzi uja? Ndamva mwamuumitsa, watsala nthiti zokhazokha."

"Nanga inu mukanandidyetsa chiyani? Udzu umenewu?"

"Udzu umenewu ndi ndiwo, asuweni. Dikirani masabata awiri muone. Chaka chino chulu chalemera, agang'a ake akuluma ngati agalu. Dzulo andigwira chala ichi." Anaonetsa chala chomangidwa kansanza, akunyadira. "Khalani pampandopo. Mphasa yadyedwa ndi mbuzi."

A Esitere anakhala pansi, pambali pa mpando, n'kutambasula miyendo. Anafunsana za m'nyumba, za mwendo wa a Yohana womwe unkatupa kukazizira, za mwana wawo wa ku Joni yemwe sanaimbe foni chiyambire Pasaka. Anakamba za mbewu ya nyemba. A Yohana ankapitiriza kumanga udzu, ndipo a Esitere anapezeka kuti atola luzi n'kuyamba kuwang'ambira timizere, chifukwa manja awo sadziwa kukhala chabe. Atazindikira chomwe akuthandiza kukonza, anasiya.

"Mwaduka mawu," anatero a Yohana. "Inu mukabwera kuno dzuwa likadalipo ndiye kuti kwagwa kanthu. Wamwalira ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mwabwera kudzandifunsira ukwati basi. Ndavomera, koma nkhumba zanu zija zibwere nawo."

A Esitere anaseka pang'ono, kenaka anamasula kathumba n'kutulutsa botolo la m'mawa umenewo. Analiimika pakhonde mosamala kuti lisagwedezeke. Dothi linali lochepa kusiyana ndi sabata yatha, poti madzi anali atatsika, koma linalipo.

A Yohana analiyang'ana osaligwira. Nthabwala zinawathera. Anali atakhala zaka zambiri pafupi ndi a Gerevazio, ndipo za mabotolo ankazidziwa.

"Likuchokera pati?"

"Patsinde. Pansi penipeni pa chulu."

"Mbewa zimaboolanso."

"Mayenje a mbewa ndimatseka ine, asuweni. Ndikuwadziwa onse."

A Yohana anatenga mtolo wina wa udzu n'kuyamba kuumanga, ngakhale unali womanga kale. "Zaka zonsezi chili pomwepo, khoma silinagwe. Lero ndiye chalakwa?"

"Chinalakwa kalekale. Ife ndife tinkadya n'kumakhala chete. Ineyo woyamba."

"Mukudziwa kuti malemu akazi anga anandisiyira chiyani? Mapoto awiri, nsalu zomwe anagawana abale awo, ndi chulu chimenecho. Ndikamaphimba udzu paja ndimachita monga ankachitira iwo, kuyambira kum'mawa. Sindidziwa n'chifukwa chake, ndimangotero." Anakoka luzi ndi mano. "Ana anu akanatha kungokumba m'mawa ine ndisakudziwa. Ndamva kuti amakambirana zimenezo kudimba."

"Amakambirana. Ndawakaniza."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndi chanu."

Kunagundanso cha ku Chongoni, chapatali, ndipo onse awiri anatembenukira komweko. Nkhuku za a Yohana zinayamba kusonkhana pansi pa nkhokwe. Kuchokera pakhondepo damu linkaoneka lonse, madzi atafupika, matope akuda atazungulira m'mphepete, ndipo kuseri kwa khoma kunkaoneka madenga a nyumba zija, la Pilira lili ndi matayala awiri opsinjira malata.

A Esitere anakonza chitenje, n'kugwada bwinobwino monga sanagwadirepo msuweni wawo chikhalire.

"Kumunda kwanga kumtunda kuli kachulu kena, pafupi ndi mtengo wa masuku. Ndi kakang'ono, ngumbi zake sizingadzaze ndowa iyi, ndipo sindikunena kuti n'chimodzimodzi. Katengeni, kakhale kanu. Koma chomwe ndabwerera si chimenecho." Anawayang'ana a Yohana m'maso. "Ndikupempha chulu cha a Susan, asuweni. Mutilole tichikumbe mawa, mvula isanatipeze. Ndiponso ndikupempha kuti mubwere ndi khasu lanu, muyambe ndinu kugumula, ife tidzatsatire pambuyo panu."